Paipi ya Amako Ili M'chikwama Chako

Ndunde, Lachitatu masana

Mwana wanga Patuma,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe, lero ndi kumene ukupitako.

Ndafunditsa makina msanga lero kuti ndikulembere. Kunyumba kwadzaza anthu odzakutsanzika, ndipo aliyense wabwera ndi malangizo ake ndi mmero wake. Ine ukundidziwa. Ndikati ndilankhule pagulu, amako amati, "Abambo ake a Patuma, mukulankhula ndi ife kapena ndi kolala ya malaya anu?" Anthu amaseka, nkhani yanga n'kuthera pomwepo. Ndiye ndakhala pakhonde pano, pomwe ndimasokera, kuti pepala lindinyamulire zimene pakhosi panga sipangathe. Ukawerenge usanatseke chikwama.

Ndiyambe ndi chimene chandilembetsa. Lachisanu lapitali, ndikuchokera kumzikiti, ndinakumva ukuuza amako kuseri kwa khitchini kuti teremu yoyamba ku Mzimba ikakhala ngati chaka chako choyeserera chija, usiya uphunzitsi, ubwere uzidzagulitsa kaunjika ku Limbe. Sindinamvetsere dala, mpanda wathu ndi waudzu. Kenaka dzulo, pokonza zipi ya chikwama chako, ndinapeza paipi yakuda ija amako amathirira tomato kudimba, itapindidwa bwinobwino pansi pa zitenje. Amako akhala akuifuna kuyambira Lolemba. Sindinaichotse, ndipo sindinawauze.

Ndikudziwa chimene ungandiyankhe. Unganene kuti ndi yongomenyera pa desiki kuti ana akhale chete, osati yomenyera mwana. Ndikukukhulupirira. Ndikukumbukira mmene unabwerera kuchokera koyeserera kuja, mawu atasasa, ukumwa madzi a mandimu, ukutiyankha ndi mutu. Ana odzaza pansi pa mtengo, mphepo ikuwomba, iwe wekha kutsogolo ndi kammero kako. Kammero kameneko ndinakupatsa ndine, mwana wanga. Ukadatenga ka amako bwenzi akukumva mpaka ku Boma. Koma dzanja lozolowera kumenya desiki, tsiku lina litatopa, limaphonya desiki. Likaphonya, ntchito yako yatha, ndipo mwanayo sadzaiwala nkhope yako mpaka kukalamba. Choncho ndimvere pang'ono. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, za kukoleji ukudziwa ndiwe. Ndingokuuza mmene ine ndinapunthwira pa mwala womwewo.

Chaka chimene iwe unayamba kuyenda, mwalimu wathu wa madrasa, a Wadi, anadwala miyendo. Akuluakulu a pamzikiti anati telala ndi munthu wofatsa, agwirizire ana mpaka mwalimu achire. Ndinavomera. Tsiku loyamba ndinaona kuti ana sakundimva, ndiye ndinakweza mawu. Iwo anakweza kuposa ine. Ine kunena liwu, iwo kubwereza mofuula, ine kunenanso, iwo kubwerezanso. Mtima wanga unakondwa, ndinkati phokoso limeneli ndiye maphunziro. Sabata isanathe pakhosi panga panatseka. Ndinkangotsegula pakamwa ngati nsomba.

Ndinapita kukawazonda a Wadi, ndikufuna andimvere chisoni. Ndinawapeza atakhala pamphasa, miyendo atatambalitsa. Nyumba yawo inali pafupi ndi madrasa, ndiye zonse ankazimva. Anati, "Telala, kodi ukuphunzitsa ana kapena ukuingitsa akhwangwala m'munda?" Anaitana mdzukulu wawo Halima, amene anali m'gulu la ana anga, namuuza kuti anene zimene ndinawaphunzitsa. Mwanayo ananena zonse mosaphonya, mokweza, maso ali kudenga. Kenaka anamufunsa tanthauzo la liwu limodzi lokha mwa mawu amenewo. Halima anayang'ana pansi, nayamba kukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Ine ndinachita manyazi kuposa iye. Kumbukira zimenezi, Patuma: mwana akhoza kufuula liwu sabata yathunthu koma osalidziwa.

Tsiku limenelo a Wadi anandionetsa chinthu chimene sindinachiiwale. Anati, "Ukapatsa munthu moni umati chiyani?" Ndinanong'ona kuti salamu. "Nanga iwe ndiwe ndani pa chipembedzo?" Msilamu. "Chipembedzo chakocho?" Chisilamu. Anati, "Tamvetsera bwino atatuwo. Sukuona kuti anabadwa m'mimba imodzi? Ilimu, ndiye kuti maphunziro, ndi mwalimu nawonso chimodzimodzi. Mawu sayenda okhaokha ngati anthu osowa kwawo. Ali ndi mbumba. Ukamudziwitsa mwana mayi wa mbumbayo, abale enawo aziwazindikira yekha panjira, iwe uli chete." Ndinabwerera kunyumba ndikungotembenuza mawu m'mutu. Ndinapeza kuti Chinyanja chathu ndiye chodzaza mbumba zoterezi. Kulemba anabala mlembi, malemba, cholembera. Kutseka anabala chitseko ndi kutsekula. Kupempha anabala pempho ndi pemphero. Ndinakhala ndikulankhula moyo wanga wonse osadziwa kuti ndikuyenda pakati pa apachibale.

Iwe mwina waiwala, koma masewera a mbumba unawasewera pakhonde pomwe pano. A Wadi atachira ine ndinabwerera ku makina anga, koma chaka ndi chaka nyengo ya mvula ana a m'mudzi muno ankabisala pakhonde langa pochokera kusukulu, n'kumandisokosera. Kuwathamangitsa sindikanatha, mawu ake ati? Ndiye ndinkatenga mwana mmodzi, kumukhazika pachitini, kumufunditsa chigamba cha nsalu kumutu, n'kumunong'oneza liwu. Ameneyo ndiye ankakhala kholo. Ankaimirira n'kunena, "Ine ndine Kulima, ana anga ali kuti?" Wina ankabwera, kugwada, kuwomba m'manja monga timachitira kwa akulu, n'kunena, "Ine ndine Mlimi, mwana wanu." Wina Ulimi. Wina Kulimitsa, wina Cholimira. Aliyense asanakhale pansi ankayenera kunena ntchito yake pabanjapo, ndiye kuti tanthauzo lake, ndipo anzake ndiwo ankavomereza kapena kukana. Iwe unkakonda kukhala kholo, chifukwa cha chigamba chija. Unkachikoka mpaka kumaso ngati agogo ako.

Phokoso linalipo, sindikunama. Koma linali phokoso la anthu amene akugwira ntchito. Ndipo tamva chimene chinkachitika. Akakangana, mwachitsanzo wina atabwera kuti iye ndi Kusokoneza, mwana wa Kusoka, ena akuti inde, ena akuti wangofanana nkhope, onse ankatembenukira kwa ine kuti ndigamule. Pamenepo pankakhala bata loti ungamve mvula ikudontha pa chidebe. Ndinkalankhula motsitsa monga mwa nthawi zonse, ndipo aliyense ankandimva. Sindinasinthe mmero, mwana wanga. Anawo ndiwo anali ndi njala yomva yankho. Usakalimbane ndi ana pa kukweza mawu, adzakugonjetsa tsiku lililonse. Ukawapatse mlandu woti akangane, chigamulo chikhale ndi iwe.

Tsopano ndikuuze pamene ndinalakwitsa masewerawo, kuti iwe usakabwereze. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chikumasula. Kholo la tsikulo linali Kusoka. Anabwera Msoko, anabwera Wosoka, anabwera Kusoketsa. Kenaka anadzuka Esinati, mwana wa anansi athu a kutsidya kwa mtsinje, amene kwawo ankalankhula Chilomwe ndipo pagulu sankatsegula pakamwa. Tsiku limenelo analimba mtima. Anagwada bwinobwino, nati, "Ine ndine Singano, mwana wanu." Ine ndikuthamangitsa mpendero wa siketi, osakweza n'komwe mutu, ndinangoti, "Ayi, ameneyo si m'bale." Basi ana anayamba kuwomba m'manja, kuimba kuti si m'bale, si m'bale, azipita kwawo. Esinati anatuluka m'mvula momwemo. Mawa lake ana onse anabwera, iye ayi. Mkuja wakenso ayi.

Amako anaona zonsezo ali pamtondo. Madzulo akundipatsa madzi osamba anati, "Inu mwathamangitsa singano panyumba ya kusoka? Nanga mawa musokera chala?" Ndinati lamulo la masewera ndi lakuti akhale obadwa m'mimba imodzi. Iwo anaika chidebe pansi, nagwira m'chiuno. "Nanga inuyo pamudzi pano munabadwa m'mimba ya ndani? Si paja munachoka ku Likoswe ndi makina pamutu? Tinakuimbirani kuti muzipita kwanu?" Ndinanyamula chidebe chija n'kupita kukasamba. Amako ananena zoona. Ine pano ndine mkamwini. Sindine wa mbumba yanu, pa zokambirana za banja amalankhula ndi amalume ako, ine ndimakhala chapatali. Koma denga limene wakuliramo ndinafolera ndine.

Ndinapita ndekha kutsidya kukamutenga Esinati. Kuyambira tsiku limenelo tinaika mphasa yachiwiri pambali pa kholo, ya akamwini. Wobwera ndi liwu loti si lobadwira m'banjamo koma limagwira ntchito pakhomopo, sankathamangitsidwa. Tinkati, "Takulandirani akamwini, khalani apa, tiuzeni kwanu ndi ntchito yanu." Singano anakhala pamenepo, Ulusi anakhala pamenepo. Anabweranso akamwini ochokera kutali kwambiri, a Sizasi, a Batani, a Zipi, amene anawoloka nyanja koma lero tonse timawaitana ngati athu. Ana anazindikira okha kuti mkamwini nayenso amabala, poti telala anabala utelala. Ndipo Esinati ndiye anakhala mwini mphasa imeneyo. Ankatiuza kuti chakutichakuti kwawo amachitchula motere, wina n'kuti kwa agogo ake m'Chiyao amati motere. Mawu anachuluka pakhonde pano kuposa nsalu. Patuma, m'kalasi mwako mukakhale mphasa yachiwiri. Mwana amene wayankha mophonya kawirikawiri amakhala kuti waganiza ndithu, wangolowera khomo lina. Ukamufunse chimene anaganiza. Ndipo ana anzake asakamuimbire nyimbo iwe ulipo. Ukalola kamodzi kokha, wataya mwanayo, ndi ena asanu amene anali pafupi kukweza mkono.

China ndi ichi. Nthawi ina sukulu ya kufupi kuno inandipatsa ntchito yosoka mayunifolomu ambiri, masiku ali ochepa. Pofuna kufulumira ndinayeza mwana mmodzi wa msinkhu wapakati, n'kudula nsalu yonse pa muyeso wake. Ndinkati ana a kalasi imodzi amasiyana pati? Tsiku loyesa zovala, wina siketi ikukwakwa pansi, wina mabatani osakumana, amayi awo atandizungulira. Ine amene ndimayeza kawiri ndisanadule, tsiku limenelo ndinasoka ntchito imodzi kawiri. Ndikukuuza izi chifukwa masewera a mbumba ndinawadula pa muyeso wa kuno. Kumene ukupita ndamva kuti mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo ana amawerengedwa kwa bambo. Ukakafika ndi nkhani ya mbumba ndi akamwini monga ilili, ana akangokuyang'ana. Usakawaveke malaya a ku Ndunde. Ukayambe wawafunsa: kuno banja likakhala pansi, pakati amakhala ndani? Mlendo wodzakwatiwa amakhala pati, ndipo mumamutchula chiyani? Iwo akakuuza, ndipo masewerawo akakhala awo. Ukayeze kaye, mwana wanga, kenaka udule.

Usaiwalenso kuti kumeneko wa pamphasa yachiwiri ndiwe. Anawo kwawo amalankhula Chitumbuka. Iwe ukubwera ndi Chichewa cha m'mabuku ndi Chingerezi, ndiponso kalankhulidwe kathu ka kuno kamene akakaseke ndithu. Asiye aseke. Ine nditangofika pamudzi pano, agogo ako aamuna sankandilankhula, ankangondiyang'ana ngati mbuzi yogula pamsika. Ndinayesa kudzionetsa kuti ndimadziwa zonse za kumunda, osafunsa kanthu, mpaka ndinazula mbewu zawo za mankhwala ndikuyesa tchire. Chimene chinatiyanjanitsa ndi funso limodzi limene ndinaphunzira mochedwa: "Ichi kuno mumachitcha chiyani?" Munthu ukamufunsa dzina la chinthu cha kwawo, amawongoka msana. Iwenso tsiku lililonse ukapemphe ana akuphunzitse liwu limodzi lawo, ulinene pamaso pawo, ulakwitse, akukonze. Mwana amene wakuphunzitsa liwu lake sachita manyazi kulandira lako.

Ngati ukusowa poyambira tsiku loyamba, ndakuganizira kholo limodzi. Ukatenge Kuyenda. Ine ndikamvetsera ndimaona ngati Ulendo, Mlendo ndi Mwendo ndi ana ake, ngakhale anasintha nkhope pang'ono. Ukaone m'mabuku ako ngati ndikulondola, ndisakakuchititse manyazi. Za Chingerezi sindinganene zambiri, koma tsiku lina ukukonzekera mayeso unandiwerengera mawu angapo ofanana kumayambiriro, ndipo ndinati mumtima, nawonso awa ali ndi mbumba zawo. Njira ndi yomweyo. Usakalembe mawu makumi awiri pabolodi kuti ana aloweze. Ukalembe limodzi, enawo akawasake okha, m'magulu, mpaka kunyumba kwa makolo awo. Ndakuikira m'thumba la pambali zigamba za nsalu zamitundumitundu, zopenderedwa kale, zofunditsa makolo. Chofiira chija unkachikonda chilimo.

Za pakhosi pako, tamvera izi. Usakaime kutsogolo tsiku lonse ngati mlaliki. Ukayende pakati pa ana, ulankhule uli pafupi nawo. Mukakhala panja, mphepo ikhale kumbuyo kwako. Botolo la madzi lisakusowe. Ndipo phokoso likakula, usakakwere nalo. Waona chimene chimachitika pakhonde pano? Makina akamalira, anthu odikira zovala amacheza mokweza. Ndikangoimitsa phazi, onse amadukiza nkhani n'kundiyang'ana, kuti kaya chavuta n'chiyani. Iwenso ukangosiya kulankhula, uime, uwayang'ane. Masiku oyamba kudikirako kukakutalikira, mtima uzikakuuza kuti tenga paipi. Ukapirire. Sindikukulonjeza kuti zikayenda sabata yoyamba. Kwa ine zinatenga nyengo yonse ya mvula.

Zina zonse akuuza kale amako ndi amalume ako, za mapemphero a swala, za anyamata, za kusankha anzako. Sindibwereza. Ine changa ndi chimodzi chomwechi. Sindikufuna kuti usiye ntchito imene unailimbikira zaka zonsezi chifukwa cha mmero umene ndinakupatsa ine. Kugulitsa kaunjika si tchimo, anthu abwino akudyera momwemo. Ukakayesa ndi mtima wonse n'kuona kuti uphunzitsi si wako, bwera, khomo lino ndi lako kuposa mmene lilili langa. Koma usakasiye chifukwa choganiza kuti mphunzitsi ndi munthu wofuula, ndipo iwe sungathe kufuula. Esinati uja lero ndi mayi wa ana atatu. Mwezi wathawu anabweretsa diresi la mwana wake kuti ndilifupikitse, ndipo akundipatsa moni anati, "Muli bwanji akamwini anzanga?" Tinaseka mpaka anthu kutiyang'ana. Sindinamukwezerepo mawu mwana ameneyo ngakhale tsiku limodzi, koma mawu onse amene tinaphunzira pakhonde pano akuwakumbukira.

Tsopano za paipi ija. Ili pomwe unaiika. Ndiwe wamkulu, ndiwe mphunzitsi, sindingalowe m'chikwama chako kukuchotsera zinthu ngati mwana. Ukaganiza zopita nayo, sindidzakufunsa, ndipo mawa ndikunyamulira chikwamacho mpaka pokwerera minibasi monga ndinalonjezera. Koma ukaganiza zoisiya, usavutike kufotokozera aliyense. Ungoikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko cha khitchini, pamene pamakhala lichero. Ine ndikadzuka kupita ku swala ya m'mawa ndidzayang'ana pamenepo. Ndikaipeza, ndidzawauza amako kuti inali pompo masiku onsewa, ndipo iwo adzandikalipira kuti ndinaiona bwanji osanena. Zimenezo ndizisenza ine, ndinazolowera.

Tomato wawo wayamba kufota, Patuma.

Ndine bambo ako.